Buku la Amayi M'zidutswa Zinayi

Waterloo, Ontario
14 Januwale 1991

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino. Mundiuze ngati mukudya chakudya chenicheni, osati buledi ndi khofi basi monga ndinakupezani pa Khirisimasi.

Nkhani yabwino ndi iyi: ndamaliza kutayipa buku la Amayi. Zonse zimene analemba m'zaka zija ankayenda khomo ndi khomo kufunsa nkhalamba mmene tauni yathu ya Brekke Siding inayambira, tsopano zili mu kompyuta. Nditamaliza tsamba lomaliza ndinangokhala pampando, osadziwa chochita ndi manja anga. Ndinalira pang'ono, koma mtima unapepuka.

Munalonjeza Amayi kuchipatala kuti bukuli mudzalipereka ndi manja anu kwa osindikiza, kuti lituluke pa chikondwerero cha zaka 80 za tauni mu Julayi. Osindikiza a ku Saskatoon akulifuna pakati pa Meyi, choncho nthawi ilipo.

Vuto ndi lakuti bukuli ndi lalikulu, silingakwane pa disiki imodzi. Ndinati ndigule madisiki anayi, inu n'kunditumizira imodzi m'chitini cha mabisiketi ndi kakalata koti "imodzi ikwanira, izipita n'kumabwerera." Chabwino, ndagonja. Mwina mukatero muzindilembera. Pali lamulo lina la makina awa lotchedwa split, limene limadula fayilo ngati mmene munthu amadulira buledi, osayang'ana ngati mpeni wadutsa pakati pa mawu. Ladula bukuli panayi, n'kupatsa zidutswazo mayina awa: xaa, xab, xac ndi xad. Mayinawo ndi oyipa, koma sindinasankhe ndine.

Pa disikiyi pali xaa. Mupite nayo ku ofesi ya khonsolo kwa amayi aang'ono, a Verna. Iwo akudziwa kale kukopera za pa disiki kuti zilowe m'makina awo. Akatero, inuyo mukhale pampando mulembe izi:

cat xaa > thora

Kachizindikiro ka pakatiko anthu kuntchito kuno amakanganirana dzina lake. Ena amati muvi, ena amati ngodya, ena amangoti "chachikulu kuposa" monga kusukulu. Inu muzingoti mlomo, ngati mlomo wa paipi ija munkathirira tirigu m'mabogi a sitima zaka zonse munkagwira kunkhokwe ya panjanji. Za kumanzere zimathiridwa kumanja. Ndiye kuti xaa ithiridwa mu fayilo ya dzina la Amayi.

Mukadina batani lalikulu makina sanena kanthu. Musadabwe. Makina awa akakhala chete ndiye kuti zayenda bwino, amayankhula pokhapokha pakalakwika.

Ndikadakuimbirani foni, koma tonse tikudziwa mmene zimathera ndi makutu anuwo: ine kukuwa kuno, inu uko n'kumati "eya, eya" pa funso limene sindinafunse.

Mwana wanu,
Lorna


Brekke Siding, Saskatchewan
26 Januwale 1991

Lorna mwana wanga,

Moni. Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Chakudya ndikudya. Mng'ono wa amayi akoyu amabwera ndi mphika Lamlungu lililonse n'kuima pambali mpaka ndimalize, ngati ndine mwana wa ng'ombe wodwala.

Disiki yako inafika. Ndinavala jekete la kutchalitchi n'kupita nayo ku khonsolo. Verna anachita zakezo, kenako anandisiyira mpando. Kunena zoona munthu ndakhala ndikuyendetsa makina aakulu ngati nyumba, koma kabokosi aka kanandichititsa thukuta.

"Alamu," anatero Verna, "mabataniwo mukuwadina ngati mukupha nsikidzi. Akhonsolo alibe ena."

Ndinati, "Ndikadina pang'ono adziwa bwanji kuti ndikunenetsa?"

Mlomo wako uja ndinaufunafuna mpaka ndinaupeza pansi, pamwamba pa kadontho. Ndinadina batani lalikulu. Zii. Ndinadikira. Zii. Verna anati, "Basi zatheka, dzukani, ndili ndi misonkho ya anthu." Ndinatuluka ndikuyenda ngati mnyamata. Ndikanadziwa kuti sukulu yonse tinakulipirira ija ndi yophunzira zimenezi, ndikanakuphunzitsa ndekha.

Mawu ako aja ndawalemba pa kakhadi n'kukamata pambali pa makina, kuti ulendo wina ndisavutike. Ndizingosintha chilembo chomaliza.

Verna anafuna kundionetsa tsamba loyamba pagalasi. Ndinakana. Amayi ako sankalola munthu kulawa keke isanapse, ndiye inenso sindiwerenga mpaka buku lonse litakwanira.

Nkhani za kuno ndi zomwe zija. Chipale chafika pawindo. Mphepo ya Lachiwiri inagwetsanso chikwangwani cha dzina la tauni cha pamsewu waukulu, ndipo ndakachikhomanso. Verna akuti ndiikepo misomali iwiri. Ndamuuza kuti msomali umodzi ukagwira, wachiwiri ndi wongowononga. Bambo anga anafika kuno ndi misomali ya m'thumba limodzi, n'kumanga nayo nyumba ndi khola.

Chitini sichibwerera chopanda kanthu. Mabisiketiwo ndi a Verna, jamuyo ndi womaliza amene amayi ako anaphika. Disiki ili pansi, ndaikulunga m'sokosi.

Bambo ako,
Arvid Tollefsrud


Waterloo
9 Febuluwale 1991

Okondedwa Bambo,

Zikomo chifukwa cha chitini. Jamu sindinamutsegule, ndangomuika pawindo kuti ndizimuona. Mwakhoza mayeso oyamba, ndipo anzanga kuntchito aseka kwambiri za nsikidzi zija.

Ndikulemba mothamanga, ntchito yatipanikiza. Ndafufuta xaa pa disiki n'kuikapo xab. A Verna akopere monga kale. Koma ulendo uno, ndi maulendo onse otsala, milomo ikhale iwiri, chonchi:

cat xab >> thora

Iwiri, Bambo, musaiwale. Ndipo chonde lekani kukwera makwerero mphepo ikuomba. Chikwangwanicho si chanu nokha, tauni ili ndi anyamata.

Lorna


Brekke Siding
16 Malichi 1991

Lorna,

Moni. Usadandaule kuti ulendo wathawu ndinabweza chitini chopanda kalata. Panalibe chonena. Chidutswa chachiwiri chinalowa bwino, lero chachitatunso chalowa. Maulendo onse makina angokhala chete ngati mpingo wathu abusa akafunsa wofuna kutsuka mawindo.

Tsopano ndimachita ndekha. Verna akangokopera amapita kukathira khofi, pobwera amapeza ndamaliza. Dzulo kusitolo mnzanga uja Stan Oleksyn anandifunsa ngati n'zoona kuti ndaphunzira kompyuta. Ndinati, "Funsa ukakula."

A komiti ya chikondwerero asonkhanitsa zithunzi. Anthu akulembetsa kale kuti adzagule bukuli, ena a ku Calgary ndi ku Vancouver amene anachoka kuno ali ana. Aliyense akufuna kudzaona dzina la agogo ake. Ndikawamva ndimanyadira, ngakhale sindinalembemo ngakhale liwu limodzi.

Tumiza chomaliza tipume. Kodi ubwera nthawi yodzala monga unanenera? Chipinda chako chili momwe unachisiyira.

Bambo ako


Waterloo
6 Epulo 1991

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Nayi xad, chidutswa chomaliza. Koma khalani kaye pansi, ndili ndi nkhani ziwiri.

Yoyamba. Chipale chitasungunuka sabata yatha, madzi analowa m'chipinda changa chapansi chija mpaka kufika m'mawondo. Ine ndinali kuntchito. Ndinapeza bedi lanyowa, nsapato zikuyandama. Katoni ya Amayi inali pansi pa tebulo. Mapepala onse a pamanja pawo asanduka phala, inki yonse yasungunuka. Tepi ya kompyuta imene ndinasungapo buku lonse inalinso m'katoni yomweyo, ndipo anzanga ayesa kuiwerenga, yakana. Pa makina a kuntchito ndinali nditalifufuta kale, chifukwa abwana sankafuna zinthu za kunyumba pamenepo. Mwamwayi disiki inali m'chikwama changa ndi xad.

Ndinakhala pamasitepe n'kulira ngati mwana. Kenako ndinakumbukira kuti zidutswa zitatu zili kale mu thora kwanuko, ndipo ndinayamba kuseka ndekha. Bambo, kuumira kwanu kwa disiki imodzi kuja ndi kumene kunandichititsa kuyamba kutumiza msanga. Buku la Amayi tsopano lili malo amodzi okha pa dziko lonse, m'manja mwanu. Mukathira chomalizachi muwauze a Verna alisindikize papepala tsiku lomwelo.

Yachiwiri ndi yovuta kuinena. Kuntchito andipatsa malo okhazikika, ndipo ndavomera. Ndiye kuti sindibwerera kudzakhala kwathu monga tinkaganizira, ndipo nthawi yodzala sindibwera. Ndidzabwera pa chikondwerero. Ndikudziwa kuti munkayembekezera zina. Musandikwiyire.

Ndasamukira kwina, adiresi ili kuseri kwa envelopu. Foni sanandilumikizirebe. Jamu anapulumuka, anali pawindo.

Mwana wanu,
Lorna


Waterloo
27 Epulo 1991

Bambo,

Muli bwanji? Tsiku lililonse ndikaweruka ndimayang'ana m'bokosi la makalata, chitini osachiona. Ngakhale kakalata ka mizere iwiri.

Ndikudziwa chifukwa chake. Mwakhumudwa kuti sindibwerera. Koma kodi munkafuna ndidzatani ku Brekke Siding, Bambo? Nkhokwe anatseka, sukulu ikutha ana. Munandiuza nokha kuti mwana wa mlimi azipita kumene kwagwa mvula. Ngati mwakwiya, ndilembereni mundikalipire, ndimva. Kukhala chete uku Amayi ankakupirira, ine sindingathe.

Ngati simukufuna kundiyankhula, ingondiuzani chimodzi: kodi buku lapita kwa osindikiza? Meyi wayandikira.

Lorna


Brekke Siding
3 Meyi 1991

Lorna mwana wanga,

Ndine mayi ako aang'ono, Verna. Moni. Ine ndili bwino, koma bambo ako ayi, ndipo zimene ukuganizazo si zimenezo. Kalata yako anaisiya patebulo, ine n'kuiwerenga. Udzandikalipira pambuyo.

Tsiku limene anabwera ndi disiki yomaliza anali atameta ndevu. Ndinakopera, iwo n'kulemba zawo, kenako anati ndisindikize. Makina osindikizira anangolira kanthawi kochepa n'kusiya. Kamulu ka mapepala kanatuluka kopyapyala, ndipo tsamba loyamba linayambira pakati pa liwu. Anayang'ana, n'kufunsa, "Kodi basi?" Ndinati ndi zonse zimene zili mu thora. Anapinda mapepalawo, n'kuvala chipewa, n'kutuluka. Ine mutu unali pa misonkho, ndinangoti mwina zotsalazo mwagwirizana kuti utumiza kwa osindikiza wekha.

Kuyambira pamenepo lole yawo sikhala pakhomo. Mphika wa Lamlungu ndimaupeza momwe ndinausiyira. Lolemba Stan Oleksyn anabwera kudzalipira msonkho n'kundifunsa kuti, "Kodi Arvid wapenga? Anabwera kwathu kudzafunsa za chaka cha chimfine chachikulu. Ndinamuuza kuti amene ankadziwa ndi amayi anga, anafotokozera Thora zonse, ndipo tinawaika m'manda kalekale."

Ndinatseka ofesi n'kukawapeza m'galaja.

"Alamu, buku la mkulu wanga lili kuti?"

"Ndalitaya."

"Mwalitaya bwanji, mukuti linali m'makina?"

"Mwana anati milomo iwiri. Ine ndinaona kuti umodzi unagwira bwino ulendo woyamba, ndiye ndinapitiriza ndi umodzi. Makina sanadandaule. Zikuoneka kuti ulendo uliwonse chatsopano chinkakankha chakale."

"Ndiye mwakhala chete masabata onsewa?"

"Ndimuuze chiyani? Iye walira kale kamodzi pamasitepe."

Lorna, munthuyu wakhala akuyenda m'mafamu onse kufuna kulembanso buku la amayi ako kuchokera pachiyambi, asanakuuze. Anthu amene amayi ako anawafunsa, ambiri anapita. Anafika mpaka kunyumba ya okalamba kwa mayi Sather, iwo n'kumuyesa wogulitsa inshuwalansi. Waonda, lamba wabooleranso bowo lina. Za ntchito yakoyo sanakwiye n'komwe, amauza aliyense kusitolo kuti mwana wake amuika pa mpando wokhazikika.

Ine za makinawa ndimadziwa za misonkho zokha. Ngati pali chochita ndiwe ungadziwe, ngati palibe ubwere udzawauze wekha kuti dziko silinathe. Undiimbire ku ofesi Lachisanu likudzali m'mawa. Ndidzawabweretsa ngakhale pachingwe.

Mayi ako aang'ono,
Verna


Brekke Siding
12 Meyi 1991

Lorna mwana wanga,

Moni. Ndadya. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene ufunse. Lachisanu lomwelo ndinamaliza mphika wonse wa Verna, n'kupempha wina.

Unali mbali ina ya waya, sunaone nkhope zathu, ndipo ine mawu ako sindinamve ngakhale limodzi. Ndiye ndikuuze mmene zinalili mbali ino.

Verna anandikhazika pampando, foni kukhutu kwake, pakamwa pake pa khutu langa labwinoli. Anakuwa kuti, "Akuti musagwire chilichonse! Akuti mulembe ls, makina atchule zimene ali nazo!" Ndinalemba. Panatuluka mayina awiri okha, thora ndi xad. Verna anakuwerengera mayinawo pa foni.

"Akufunsa kuti xaa, xab ndi xac zili kuti!"

Ndinati, "Muuze kuti zinathiridwa. Lole ikathira tirigu imabwerera yopanda kanthu, zimenezo ngakhale mwana amadziwa."

Verna anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anati, "Akuti si choncho! Akuti m'makina muno lole ikathira imakhalabe yodzaza! Mlomo umodzi umayamba wasesa nkhokwe kenako n'kuthira, milomo iwiri imathira pamwamba pa zimene zilimo. Koma umodzi kapena iwiri, malole sakhudzidwa! Akuti zidutswazo ziyenera kukhalapo, pokhapokha ngati wina anazifufuta!"

Apa ndinaona Verna akufiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu.

"Timayina toyipa tija?" anatero, osakuwanso. "Tinkandisokoneza pakati pa misonkho."

Ndinati, "Alamu, mwatani?"

"Musandiyang'ane choncho! Ine ndine mwana wa amayi anga, sinditaya kanthu. Ndinatikankhira kukona ina kumene ndimasunga zinthu zimene sindikuzidziwa."

Anandikankha pampando ndi chigongono, n'kulemba zake mofulumira, n'kulembanso ls uja. Ndinawerenga ndi chala pagalasi: xaa, xab, xac, xad. Onse anayi, ali pamzere ngati ana a sukulu. Ndinawerenganso. Verna anakuwira mufoni, ndipo kukuwa kwako kokha ndi kumene ndinakumva, ngakhale ndi makutu angawa.

Kenako anandibwezera mpando n'kunditchulira zolemba:

cat xaa xab xac xad > thora

Ndinaima pa mlomo. Ndinati, "Mufunse bwino. Umodzi?"

"Akuti umodzi! Malole onse anayi akuthira ulendo umodzi, ndipo zimene zili m'nkhokwemo zikufunika kusesedwa!"

Ndinati, "Mwaona? Umodzi umakwanira."

Verna anandimenya ndi envelopu pamutu. Ndinayenera.

Ndinadina batani. Zii. Koma ulendo uno sindinakhulupirire kukhala chete kwake, ndinati asindikize ndione ndi maso. Makina aja analira mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Anthu obwera ndi misonkho ankangoima pakhomo, Verna n'kumawauza kuti abwere sabata yamawa. Mulu wa mapepala unakwera mpaka kufika pa kapu ya khofi n'kuipitirira. Ndinaunyamula ndi manja awiri kupita nawo ku lole, ndipo ndinaumanga lamba pampando wa amayi ako.

Verna wandiuza mawu ako omaliza pa foni, akuti, "Muwauze kuti iwo si makina. Akakhala chete ine ndimadziwa kuti zalakwika." Ndamva. Akutinso ukudziimba mlandu kuti unandiuza chochita osandiuza chifukwa chake. Zisiye zimenezo. Ukanandiuza chifukwa, mwina ndikanatsutsanso. Za ntchito yako, khala komweko, mvula yagwa kumeneko. Chipinda ndiikamo mbatata.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauze Verna. Kamulu kopyapyala kaja ndinakawerenga usanandiimbire, kangapo konse, poti ndinkayesa ndi zokhazo zimene zatsala za amayi ako. Mpeni wako uja unadula pakati pa liwu, ndipo tsamba loyamba linayamba chonchi: "mali umodzi basi. Chinagwa sabata isanathe, ndipo chakhala chikugwa chaka ndi chaka. Munthu wosamva ngati ameneyu sindinamuonepo." Sindinafunikire kuuzidwa kuti akunena ndani. Mwezi wonse ndinayenda ndi mawu amenewo m'thumba la jekete, ndikuti mayi uyu anandidziwa, ndipo ndamutayira buku lake ndi khalidwe lomwelo.

Lachisanu nditafika kunyumba ndinafunafuna pamene zidutswa ziwirizo zakumana. Iwe unatayipa, ukudziwa zimene zili pamenepo, koma ndilembabe kuti ndizione ndi dzanja langa:

"Chikwangwani cha tauni anaika ndi Arvid Tollefsrud, chaka chimene ndinabwera kudzaphunzitsa kuno. Ndinkamuona pawindo la sukulu atakwera makwerero, mphepo ikumukoka jekete, akuchikhoma kachitatu mwezi umodzi. Ndinati mumtima, mwamuna amene amabwerera ku chinthu chimodzimodzi osatopa nacho, ameneyu sadzandisiya. Ndinakwatiwa naye chaka chotsatira, ndipo sindinalakwitse. Anachikhoma ndi msomali umodzi basi."

Zaka zonsezi sanandiuzepo. Ndinakhala m'khitchini mpaka khofi anazizira, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalira.

Mawa ndinyamuka ndi lole kupita ku Saskatoon kukapereka buku ndi manja anga, monga ndinalonjezera. Verna akubwera nawo, akuti sakundikhulupirira.

M'chitinimu mulibe mabisiketi, malo anachepa. Upezamo madisiki anayi, buku lonse lili pamenepo. Ndinagula asanu ndi atatu, enawo ali kwa Verna. Wa kusitolo anandifunsa kawiri ngati ndili bwino. Uwaike pamwamba, pafupi ndi jamu.

Chikwangwani chinagwanso Loweruka. Ndinapita ndi misomali iwiri m'thumba, ndinakwera, ndinakhoma woyamba. Wachiwiri ndinaugwira m'manja kanthawi, kenako ndinaubwezera m'thumba. Amayi ako analemba kale m'buku kuti ndi umodzi, ndipo mu Julayi tauni yonse iwerenga. Sindingawasandutse abodza.

Bambo ako,
Arvid